Siketi ikalowa pa pepala la malikisi

Ife a ku Kasungu sitingaizembe nkhani ya kavalidwe ka amayi, pakuti amene anaika malire a siketi m'lamulo la dziko anali mwana wa konkuno. Mu 1973 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo lotchedwa Decency in Dress Act, loletsa amayi kuvala buluku pagulu ngakhalenso siketi kapena diresi losaphimba mawondo. Abambo nawo anali ndi zawo: tsitsi lalitali linali losaloledwa, ndipo alendo ena ankayamba ametedwa kaye asanalowe m'dziko. Lamulo la zovalalo linachotsedwa mu 1993, chaka chomwe Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri pa referendamu ya pa 14 June. Mayi anga anaphunzitsa sukulu m'zaka zonse za lamuloli, ndipo mpaka lero sanavalepo buluku. Sindiwadabwa. Zaka 20 n'zokwanira kuti lamulo lilowe m'magazi.

Chondidabwitsa n'chakuti linalowanso m'magazi mwa m'badwo umene unakula litachotsedwa kale. Mu January 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre anayamba kuvula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi, dzuwa likuswa mtengo, ati chifukwa akunyozetsa chikhalidwe. Amayi anachita zionetsero ku Blantyre, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika analankhula ku mtundu wonse kuti mayi ali ndi ufulu wovala chomwe wafuna.

Za m'misewuzo tonse tinaziona, ndipo ambiri tinazidzudzula. Zomwe zikundilembetsa lero ndi za mu ofesi, momwe palibe wokuwiza kapena wong'amba nsalu ya mnzake, koma mayi amatulukamo atachotseredwa malikisi mwiniwake osadziwa.

Ndakhala ndikugwira ntchito yowerengera ndalama pa bungwe lina lothandiza alimi pa boma pano, ndipo nthawi zina ndimaitanidwa kukhala nawo pa gulu lofunsa mafunso anthu ofuna ntchito. Tsiku lina tinkafuna wothandiza mu ofesi ya zandalama. Panabwera mtsikana wina wa dipuloma yake. Titamufunsa kuti angatani atapeza kuti ndalama zolembedwa m'buku sizikugwirizana ndi zomwe banki ikunena, anayankha mwadongosolo kuposa onse: kuyamba ndi macheke omwe sanafike kubanki, kenako ndalama zomwe banki yadula, pomaliza malisiti limodzilimodzi. Anavala bulauzi yoyera ya manja aatali ndi siketi yakuda yomugwira thupi, yolekezera pamwamba pang'ono pa mawondo. Atangotseka chitseko, mawu oyamba sanali a macheke. Bambo wina anati, "Ameneyu adzatisokonezera anyamata muno." Mayi wina wachikulire, amene ndimawalemekeza kwambiri, anawonjezera kuti, "Ndalama za alimi sitingasungitse munthu wosadzilemekeza." Ine ndinafunsa kuti, "Kodi akuluakulu, funso lomwe walephera ndi liti?" Palibe amene anatchula funso. Komabe ochuluka anapambana, ntchito inapita kwa wina, ndipo pa pepala panalembedwa kuti mtsikanayo sanaonetse kukhwima m'maganizo.

Mawu amenewo amandiwawabe. Siketi sinalembedwe paliponse. Akanati abwere kudzafunsa chomwe analakwa, akanauzidwa za kukhwima m'maganizo, chinthu chomwe sangachitsutse ndiponso sangadziwe pochikonzera. N'kutheka kuti anabwerera kwawo akuganiza kuti sukulu yake ndi yoperewera, n'kuyamba kusakasaka ndalama za kosi ina, pomwe chomulepheretsa chinali kansalu kochepa kosakwana chikhatho.

Taonani ulendo umene maganizo a gulu lija anayenda m'kanthawi kochepa. Anachoka pa mawondo n'kufika pa khalidwe, kuchoka pa khalidwe n'kufika pa kukhulupirika pa ndalama, kenako pa nzeru. Palibe amene anaima kudzifunsa ngati zinthu zimenezi zimalumikizanadi. Pa ntchito yanga ndaona ndalama zikusowa m'manja mwa abambo a masuti ndi mataye, ndiponso m'manja mwa amayi a chilundu chofika mu akakolo ndi duku kumutu. Amene anaba mabiliyoni a boma pa nkhani ya Cashgate mu 2013 anali anthu ovala mwaulemu, amene aliyense akanawasiyira makiyi a ofesi popanda kukayika. Zovala zinawathandiza kuoneka okhulupirika, ndipo dziko linalipira.

Vutoli si lathu lokha. Katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Peter Glick, pamodzi ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo mu 2005. Anaonetsa anthu vidiyo ya mayi mmodzi, pena atavala zovala wamba za ku ofesi, pena atavala zokopa maso. Ena anauzidwa kuti mayiyo ndi wolandira alendo pa ofesi, ena anauzidwa kuti ndi manijala. Kwa amene ankamuona ngati wolandira alendo, zovalazo sizinasinthe kwenikweni momwe anaonera luso lake. Koma kwa amene ankamuona ngati manijala, zovala zokopa maso zinamutsitsa: anamuona ngati wochepekedwa nzeru ndi wosaidziwa bwino ntchito. Mayi anali yemweyo. Chomwe ndimatolapo n'chakuti mayi akamakwera pa udindo, maso omulondalonda amachuluka ndipo chilango chake chimakula. Mlembi angakhululukidwe, koma mayi wofuna kukhala mkulu wa nthambi ayenera kupambana mayeso ena omwe mnzake wamwamuna sapatsidwa. Bambo akabwera ndi malaya othina pamimba timangoti wanenepa. Palibe amene amati ameneyu sangatsogolere msonkhano.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe sitikonda kuinena poyera. Alipo mabwana amene siketi yomweyo imawachititsa kuwonjezera malikisi. Mtsikana wovala zothina ndiye amasankhidwa kupita ku maphunziro a kunyanja, ndiye amaitanidwa mu ofesi ya bwana pafupipafupi, ndiye zolakwa zake zimanyalanyazidwa. Anthu amaganiza kuti mtsikanayo wapindula. Ine ndimaona kuti waikidwa pa msampha. Tsiku lomwe adzakwezedwe, ngakhale atagwira ntchito usiku ndi usana, ofesi yonse idzanong'ona kuti "wakwera ndi siketi" kapena "ndi wa abwana". Khama lake lonse lidzafufutika. Ndipo tsiku lomwe adzakane zomwe bwanayo anali kuyembekezera, malikisi aja adzagwa monga anakwerera. Bwana wochotsa malikisi chifukwa cha siketi ndi bwana wowonjezera malikisi chifukwa cha siketi akudwala matenda amodzi. Onse asiya kuona ntchito.

Aliyense amene anaperekezapo belo lake ku okushoni ku Chinkhoma amadziwa kuti wogula fodya sapereka mtengo poona chiguduli. Amasolola tsamba m'kati, kuona mtundu wake ndi kutalika kwake, kuligwira ngati lanyowa, kufufuza ngati mwasakanizidwa zinyalala. Wogula amene angatsitse kapena kukweza mtengo chifukwa cha maonekedwe a chiguduli, kampani yake singamusunge. Ntchito yake ndi kuzindikira fodya. Chimodzimodzinso munthu amene wapatsidwa mphamvu yolemba ntchito, yokweza kapena yochotsa anzake: amalandira malipiro chifukwa cha maso ozindikira ntchito. Masowo akasochera, amene walephera ntchito ndi iyeyo.

Sindikunena kuti zovala zilibe kanthu. Zovala zimalankhula, ndipo malo a ntchito ali ndi ufulu woika malamulo ake. Namwino ali ndi yunifolomu yake, wapolisi ali ndi yake, ogwira ntchito kubanki nawo ali ndi kavalidwe kawo. Mphunzitsi woima kutsogolo kwa ana a sitandade 8 ayenera kuganizira chomwe wavala, mwamuna kapena mkazi. Ineyo m'chikwama changa simusowa chitenje. Tikamapita kukakumana ndi makalabu a alimi kwa Chulu, ku Santhe kapena ku Nkhamenya, ndimachimanga ndisanatsike galimoto, chifukwa ndikudziwa kuti pakakhala mafumu ndi amayi achikulire, ndipo ndikufuna amve za ngongole ya feteleza m'malo mokambirana za miyendo yanga. Pamaliro palibe mayi wa kuno amene amachita kuuzidwa. Mwana wa mchemwali wanga atayamba ntchito ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti, "Mwanawe, dziwa anthu amene ukuwatumikira, ndipo usawapatse chifukwa choti asakumvere." Imeneyo ndi nzeru ya pantchito, ndipo sindichita nayo manyazi.

Koma kulangiza mwana wako momwe dziko lilili n'kosiyana ndi kukhala pa mpando woweruza n'kumachita zomwezo zimene ukumuchenjeza nazo. Ndikamuuza kuti anthu ena adzamuweruza molakwika, sindiye kuti ndawapatsa anthuwo chilolezo.

Ndiponso tikamati "kuvala zoonetsa thupi", tikutanthauza chiyani kwenikweni? Kuno mayi amatha kuyamwitsa mwana m'minibasi, pamsika kapena m'tchalitchi, ndipo palibe amene amatembenuka. Chomwe makolo athu ankachibisa kwambiri ndi ntchafu ndi m'chiuno, momwe mumakhala mikanda. M'maiko ena zili mosiyana: siketi yaifupi saidabwa, koma mayi woyamwitsa pagulu amamuyang'ana. Buluku limaphimba mwendo wonse mpaka mu akakolo, komabe kwa zaka 20 linali mlandu, ndipo mpaka pano ena amaliona ngati umaliseche chifukwa limaonetsa momwe thupi linaumbidwira. Tsono mlangizi wa zaulimi wamkazi wopatsidwa njinga yamoto kuti azungulire midzi avale chiyani? Akavala siketi yaitali, imatha kukodwa m'tcheni kapena m'sipoko. Akavala buluku, ena amati wataya ulemu. Ambiri amavala buluku n'kumanga chitenje pamwamba akafika, ndipo potero amakhala akugwira ntchito ina yowonjezera imene mlangizi wamwamuna saiganizira n'komwe.

Pali chinanso chomwe sichinenedwa kawirikawiri, ndipo kwa ine ndicho chosalungama koposa. Siketi imodzimodziyo ikavalidwa ndi mtsikana wochepa thupi, palibe amene amayankhulapo. Ikavalidwa ndi mayi wa mbina kapena wa chifuwa chachikulu, imasanduka "yokopa amuna". Apa chomwe chikuweruzidwa ndi thupi lomwe munthu anabadwa nalo. Ndadziwapo amayi amene amavala majuzi m'mwezi wa October, kutentha konseku, pofuna kubisa thupi lomwe sanasankhe, ndipo amanenedwabe.

Tiganizirenso za thumba. Mtsikana amene wangoyamba ntchito, malipiro ake ogawana ndi lendi, chakudya ndi fizi ya ang'ono ake, zovala zake amakagula pa kaunjika. Amasankha zomwe zatuluka m'belo tsiku limenelo, zosokedwera matupi ena ndi nyengo zina. Siketi yomwe inkafika pa mawondo ataimirira pamsika imakwera akakhala pa mpando kapena pa kabaza. Kusoketsa chilundu chabwino kwa telala kumafuna ndalama ya nsalu ndi ya msoko, yomwe mwezi woyamba alibe. Pamene ife a pa gulu lofunsa mafunso tikuona "khalidwe", nthawi zambiri tikuona umphawi ndi kusadziwa malamulo amene palibe anamuuza.

Ndipo malamulowo sayenda njira imodzi. M'malo ena omwera ndi ogona alendo, mwini malo ndiye amalamula atsikana operekera zakumwa kuti avale zazifupi kuti makasitomala achuluke. Wokana amauzidwa kuti ofuna ntchito ndi ambiri panja. Ku London, mayi wina wotchedwa Nicola Thorp anabwezedwa kunyumba popanda malipiro mu 2015 chifukwa anakana kuvala nsapato za gogoda pa ntchito yolandira alendo. Anthu oposa 150,000 anasaina chikalata chomuikira kumbuyo, ndipo nkhaniyo inakambidwa ku nyumba ya malamulo ya Britain mu 2017. Chaka chomwecho boma la Uganda linalamula amayi ogwira ntchito m'boma kuti asavale masiketi osafika pa mawondo kapena zoonetsa chifuwa. Kwina akumuuza kuti aonetse, kwina akumuuza kuti abise, koma konseko mayi akuyamba kuyezedwa thupi ntchito isanaonedwe.

Abambo ena, anzanga enieni, amandiuza moona mtima kuti, "Achemwali, ifenso ndi anthu. Munthu akavala choncho maganizo amasokonezeka." Sindikutsutsa kuti maso amaona. Koma dokotala wamwamuna amayeza amayi tsiku ndi tsiku ndipo timayembekezera kuti aone matenda. Telala amayeza m'chiuno ndi pachifuwa ndipo timayembekezera kuti asoke diresi. Tikamva kuti wina wa iwo wachita zosayenera, sitifunsa chomwe wodwalayo kapena kasitomalayo anavala. Kudzigwira ndi mbali ya ntchito yawo. Nanga bwanji manijala, mkulu wa sukulu kapena wapampando wa komiti, amene cholembera chake chingathe kumanga kapena kugwetsa tsogolo la munthu? Kuona si mlandu. Mlandu umayamba pamene chomwe waonacho chikusaina fomu. Ndipo mawu oti "adzatisokonezera anyamata" amanyozanso anyamatawo, ngati kuti sangathe kulemba lipoti chifukwa mnzawo wadutsa.

Choopsa kwambiri n'chakuti maganizo omwewa ndi amene amadikirira mayi pa tsiku lomwe wapita kukadandaula kuti bwana kapena mnzake wamugwiragwira kapena akumuumiriza chibwenzi. Funso loyamba limakhala loti, "Nanga iwe unavala bwanji?" Funso limenelo limatseka pakamwa amayi ambiri. Koma funsani amayi osankha fodya m'zigafa za m'maesiteti, ovala chitenje ndi malaya akale odzaza fumbi, ngati kavalidweko kamawateteza kwa kapitawo woipa mtima. Chomwe chimakopa munthu wotere ndi kudziwa kuti mayiyo akuifuna ntchito ndipo alibe kothawira. Mu March 2021 bungwe la Malawi Human Rights Commission linatulutsa lipoti lopeza kuti amayi ena ogwira ntchito ku MBC anachitiridwa nkhanza zotere ndi amene anali mkulu wa wailesiyo. Amenewo anali amayi ophunzira, pa bungwe lodziwika dziko lonse. Ngati iwo zinawatengera nthawi kuti amvedwe, nanga mlembi wa pa kaofesi kakang'ono ka kumudzi?

Lamulo lilipo. Gender Equality Act ya mu 2013, pa gawo 6, imanena kuti kuzunza munthu pa nkhani zogonana ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Gawo 7 likufuna kuti olemba anthu ntchito akhale ndi ndondomeko yothetsera mchitidwewu ndi njira yoti wodandaula adutsemo. Gawo 11 likuti polemba ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse ndiponso asapitirire 60. Employment Act ya mu 2000 nayo imaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa choti ndi mwamuna kapena mkazi. Koma kusala komwe ndikukamba pano sikusiya chizindikiro. Kumabisala m'mawu monga "sanakhwime", "sakuoneka wodalirika", "sangagwirizane ndi chikhalidwe cha ofesi yathu", ndipo palibe khoti lomwe lingaone siketi m'mawu amenewo.

N'chifukwa chake ndimaumirira zinthu zooneka zazing'ono. Ngati ofesi ili ndi kavalidwe komwe ikufuna, kalembedwe pa pepala, momveka, kokhudza amuna ndi akazi, ndipo wofuna ntchito auzidwe m'kalata yomuitana. Lamulo lolembedwa munthu angalitsate, angalitsutse, angapemphe kuti lisinthidwe. Lamulo lokhala m'mutu mwa bwana limasintha malinga ndi amene walowa pakhomo. Pofunsa mafunso, tigwirizane mafunso ndi malikisi ake munthu asanalowe, ndipo aliyense alembe malikisi ake payekha tisanayambe kukambirana. Ndaona kuti ndemanga yoyamba ikanenedwa mokweza, makamaka ndi wamkulu, ena onse amatsatira, ndipo manambala amayamba kusintha. Akakhala kuti analembedwa kale, wofuna kuwatsitsa ayenera kunena chifukwa chake, ndipo ambiri amachita manyazi kutchula mawondo.

Kwa amayi anzanga achikulire m'maofesi ndili ndi pempho lapadera, chifukwa nthawi zambiri mawu olasa kwambiri amachokera kwa ife. Ndikumvetsa komwe amachokera. Ambiri tinakwera movutikira, tikudzibisa, tikuonetsetsa kuti pasapezeke wotinena, ndipo tikaona mtsikana wosaopa zomwe ife tinkaopa, mtima umawawa. Ena timaopadi kuti adzapwetekedwa. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo khutu amatsina pambali. Ngati mwaona kuti kavalidwe ka mtsikana kangamutsekere zitseko, muitaneni pa nthawi ya nkhomaliro, mumuuze ngati mwana wanu, mumusiye asankhe. Musadikire kuti atuluke m'chipinda kenako n'kumuweruza pamaso pa abambo amene akungodikira mayi mmodzi avomereze kuti nawonso amasuke kulankhula. Mawu a mayi pa gulu lotere amalemera kwambiri, chifukwa abambo amati, "Ngakhale mayi mnzake waona."

Ndipo inu atsikana amene mukuyamba ntchito, tsiku lomwe mukusaina kalata yanu funsani zikalata ziwiri: ya kavalidwe ndi ya ndondomeko ya gawo 7 ija. Funsani mwaulemu, ngati mmene mungafunsire za tchuthi kapena za penshoni. Akakuuzani kuti palibe, funsani kuti zidzalembedwa liti, ndipo pemphani kuti polembapo padzakhale amayi a misinkhu yonse, kuphatikizapo amene amayenda pa njinga yamoto ndi amene amagula pa kaunjika.